Kabokosi ka Fazi ndi Malilime Atatu

Pulani yonse inapangidwira pa bala yanga, pa tebulo lopendama la pafupi ndi firiji, Lachitatu masana, anthu anzeru ali ku ntchito. Ndiye musati ndikukometsera nkhani. Ndinali pomwepo ndikupukuta matambula, ndipo mmodzi mwa mbavazo ndi achimwene anga enieni, bere limodzi.

Achimwenewo anthu amawatcha a Makutu. Akhala akuimba gitala m'bandi imodzi kwa zaka makumi atatu, nyimbo za roko zachikale zozunguza mutu zija, zoti ukamamvera umaona ngati denga likuyenda. Dzinalo analitenga chifukwa chodzitama kuti amamva zomwe ife anthu wamba sitimva. Koma ine mlongo wawo ndikawaitana kuti adzandithandize kunyamula makireti, makutu omwewo amagontha.

Vuto linali lakuti mwini bandi anawauza maso ndi maso kuti gitala yawo yayamba kulira mwaulemu, yaguluka mano. Loweruka kunali dansi yaikulu ku holo, ndipo anati kulira kwakale kuja kukapanda kubwerera pofika tsikulo, malo awo atenga mkulu wina wa kiyibodi, amene akuti amatulutsa gitala, ng'oma ndi lipenga ndi chala chimodzi. Achimwene analibe china chilichonse pa dziko lino. Akazi awo anachoka kalekale, ntchito ina saidziwa. Mukawachotsera bandi, mwatsala ndi mdala wa tsitsi lalitali wongokhala pakhonde panga, ndipo zimenezo zinkandiopsa ine kuposa eni ake.

Mankhwala ake, malinga ndi iwo, anali kabokosi kachitsulo kotchedwa fazi. Woimba amakaponda ndi phazi, gitala n'kuyamba kulira mosasa mawu, ngati njuchi zakwiya m'chitini. Kawo kanafa chaka chatha denga litadontha. Anayendayenda m'masitolo kuyesa tatsopano, koma kalikonse anakapezera mlandu. Aka akuti kakulira ngati udzudzu, aka kakulasa m'mano, aka kalibe mimba. Kamodzi kokha ndiko kanawagwetsa misozi: kadzimbiri, kofiirira, kopanda ngakhale dzina, komwe kanali pa shelefu kwa a Waya, mkulu wokonza mawailesi ndi zokuzira mawu kuseri kwa msika. Anakamva kamodzi a Waya akukayesa. Atapempha kugula, anawakaniza. Atapempha kubwereka, a Waya anati pa moyo wawo anabwereketsapo zinthu kwa oimba, ndipo maphunziro amenewo anamaliza.

Apa m'pamene analowerera Jenerali. Munthu ameneyu sanakhaleko msilikali ngakhale tsiku limodzi, koma amayenda ndi cholembera kukhutu ndipo amakonda mawu akuti "opareshoni". Anajambula mapu a shopu ya a Waya pa tebulo langa ndi chala choviika mu mowa, mapuwo n'kumauma asanamalize kufotokoza. Anati a Waya amatseka shopu thwelofu koloko kukadya ndi kukagona, n'kubwerera thuu koloko. Iyeyo, monga mkulu wa nkhondo, aima pa ngodya ya msewu, akaona zoopsa aimba likhweru. Olowa akhala a Makutu ndi Chitseko.

Chitseko ndi chimphona chofatsa chomwe luso lake ndi limodzi basi: amanyamula chitseko n'kuchizula pa mahinjesi ake, akamaliza n'kuchibwezeretsa bwinobwino. Loko samukhudza n'komwe. Anamulonjeza kuti a Makutu akatchuka, iye adzakhala woima pakhomo pa madansi onse, Jenerali n'kukhala manijala.

"Aise, iyi si dilu, ndi kukatola," anatero Jenerali. "Kamodzi kokha, kadzimbiri. Mdala uja adzazindikira chaka chamawa."

Ndinawauza kuti andichokere pa tebulo, komanso kuti tsiku lomangidwa asadzanditumire uthenga. Anandiseka, ati azimayi sitidziwa za luso.

Zotsatirazi ndinazimva kwa onse atatu, aliyense payekha, aliyense akuloza mnzake chala.

Lachinayi thwelofu itangokwana, chitseko chakuseri chinazulidwa mwaulemu. Pa shelefu panali timabokosi khumi ndi tiwiri, tina tonyezimira, tina ta magetsi obiriwira. Chitseko anafuna kagolide. Achimwene anamumenya dzanja n'kutola kadzimbiri kaja, n'kumupatsa kuti agwire. Kenaka, m'malo mothawa, anaona gitala yakale itapachikidwa pakhoma, n'kuyamba kuisisita ngati mwana wobadwa kumene.

Munthu wopanda chochita ndi woopsa. Chitseko anaganiza kuti kanthu konyansa chonchi kuti kafunidwe chotere, ndiye kuti m'kati muli chuma. Anatola sikuludiraiva pa tebulo la a Waya n'kukatsegula kumsana. Anapezamo timawaya, fumbi, ndi batire laling'ono la makona anayi, lija lokhala ndi timitu tiwiri pamwamba. Anachita zomwe aliyense amachita ndi batire lotere: analigunditsa pa lilime. Linangomuyabwa pang'ono, osamuluma. Anapukusa mutu pomvera a Waya chisoni, naliponya m'katoni ya mabatire akutha yomwe inali pansi pa tebulo, n'kutenga latsopano pa shelefu, n'kuikamo, n'kutseka. Sanauze munthu. Ankafuna kuti a Makutu adzadabwe.

Anadabwadi. Madzulo a tsikulo analumikiza zonse kuchipinda kwanga kosungira makireti, Jenerali ataima chilili ngati akulandira mendulo. Achimwene anatsinzina, anaponda kabokosi, nakhwapula nsambo. Ine kwanga linali phokoso lomwe lija la masiku onse, mpaka matambula kunjenjemera. Koma iwo nkhope inagwa.

"Si kameneka."

Jenerali analumbira kuti ndi komweko, dzimbiri lake lomwelo. Achimwene anati thupi ndi lomwelo koma mzimu wachoka. Kaja anakamva kwa a Waya kankalira monyinyirika, mong'ambika, ngati kakufa koma kakukana. Aka kanali ndi mphamvu ngati mwana wa sukulu. Apo Chitseko anamwetulira mpaka mano onse kuonekera, naulula zabwino zomwe anachita.

Ndinali ndisanaonepo achimwene akulira chiyambire maliro a mayi athu, koma apa analira. Anafotokoza kuti timabokosi takale timeneti timakoma batire likatopa. Lisakhale lakufa, lisakhale lamoyo, likhale pakatikati, pamalo pomwe munthu sungapapeze dala. Chinsinsi chonse chinali m'batire lomwe lija, ndipo linali m'katoni ya zinyalala kwa a Waya.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Akanaliza gitala tsiku lonse mpaka batire latsopanolo litatopa lokha, ndipo ine ndinanena zimenezo. Achimwene anati mabatire a masiku ano amafa mopanda ulemu, amangoti zii, pomwe akale ankafa pang'onopang'ono. Jenerali anachotsa cholembera kukhutu n'kulengeza opareshoni yachiwiri. Taganizani, abale anga. Anthu aba bwinobwino, palibe wawaona, katundu ali m'manja, ndiye akubwerera kukaba batire lakutha.

Lachisanu thwelofu koloko chitseko chinazulidwanso. Ulendo uno ananyamula kabokosi kobedwa kaja, kuti akakayesere komweko. Atakoka katoni ija anapeza muli mabatire oposa makumi asanu, onse a makona anayi, onse akutha. A Waya sataya kanthu. Chitseko atafunsidwa kuti lake lija linali looneka bwanji, anati linali laling'ono. Koma anawatsimikizira kuti lilime lake silingaiwale kukoma kwake.

Anakhala pansi, miyendo tambalale, katoni pakati. Chitseko ankanyambita n'kupereka kwa achimwene, achimwene n'kunyambitanso kuti atsimikize. Anapanga milu itatu: akufa, olumabe, ndi okayikitsa. Mulu wa okayikitsa ndiwo unkakula. Atafika pa batire la makumi awiri, Chitseko anati m'kamwa monse mukungomveka ngati wadya makiyi, sakusiyanitsanso kanthu. Achimwene nawo lilime linali litachita dzanzi, malovu akutsikira m'ndevu. Nthawi inali kuthamanga, mawa Loweruka.

Achimwene anasuzumira pawindo n'kukodola Jenerali. Iye anakana ndi manja, kusonyeza kuti mkulu wa nkhondo sachoka pamalo pake. Anamukodolanso. Atayandikira, anamuuza movutikira, mawu akutuluka ngati a munthu wochokera kozula dzino:

"Tikufuna lilime latsopano."

Ndipo Jenerali, katswiri wa mapulani, munthu yekhayo amene ntchito yake inali kuyang'ana msewu, analowa, nakhala pansi, natulutsa lilime.

A Waya anali atazindikira kale Lachinayi lomwelo, chifukwa pa shelefu panatsala malo oyera pakati pa fumbi. Lachisanulo sanapite kukadya. Anapita kupolisi kukadandaula, ndipo anabwera ndi wapolisi mmodzi kudzamuonetsa pomwe panali katunduyo. Anatsegula chitseko chakumaso ndi kiyi, mwa masiku onse. Wapolisiyo anandiuza yekha kuti pa zaka zake zonse za ntchito sanaonepo zotere: amuna atatu akuluakulu ali pansi, aliyense batire pakamwa, katundu wobedwa ali pambali pawo, chitseko chakuseri chitatsamira khoma. Jenerali anayesa kuimba likhweru lochenjeza. Panangotuluka malovu.

Uthenga unandipeza ngakhale ndinaukaniratu, ndipo ndinathamanga ndi epuloni yomwe. Ndinapeza wapolisi akufunsa maina, koma palibe yemwe ankatha kutchula lake. A Waya anali atakhala pa mpando wawo, akuyang'ana milu itatu ija. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la malaya, natulutsa batire limodzi lokhala ndi kadontho ka penti yofiira.

"Mukufuna ili? Ndinalitola dzulo lomwe. Lakhala m'kabokosi kameneka zaka zisanu ndi zinayi, ndimangoliyatsa kamodzi pa chaka."

Achimwene anagwada. Ine manyazi anandigwira mpaka kumapazi, komanso chisoni, chifukwa ndi achimwene anga ndithu. Sanapemphe kuti awakhululukire. Anapempha kuti, unyolo usanalowe, akamveko kamodzi kokha. A Waya anayang'ana wapolisi, wapolisi anakweza mapewa. A Waya anabwezera batire lija m'malo mwake, natsitsa gitala yapakhoma ija, nalumikiza ku chokuzira mawu.

Achimwene anaponda, nakhwapula.

Ndanyoza phokoso lawo zaka makumi atatu, koma lero ndivomere. Chinthu chija chinalira. Chinayamba pansipansi, chikung'ambika, chikukwera, ngati munthu wamkulu akulira maliro atadziletsa nthawi yaitali. Tsitsi linandiimirira. Wapolisi anavula chipewa osadziwa kuti wavula. Zala za achimwene zinathamanga ngati za mnyamata, nkhope ikuwala, ndipo kwa kanthawi ndinaona munthu yemwe mayi ankamunyadira uja. Kenaka mawu anayamba kutsokomola. Anati phwe, phwe, n'kuzima. Achimwene anapondanso, napondanso kachitatu. Zii.

A Waya anachotsa batire lija, naligunditsa pa lilime, naliponya pa mulu wa akufa.

"Latha. Munali nyimbo imodzi yokha m'menemo, ndipo mwaimba."

Loweruka ndinawapititsira chakudya kuchitolokosi. Holo ija ili kuseri kwa polisi, ndiye dansi inkamveka bwinobwino kudzera pa kawindo ka zitsulo. Jenerali anali pakona akujambula mapu ena pansi ndi chala. Chitseko ankayang'anitsitsa mahinjesi, wapolisi n'kumuuza kuti asayerekeze. Achimwene sanakhudze mbale. Anaima pa kawindo, khutu kunja, mpaka nyimbo inafika pomwe iwo akhala akulowera zaka zonsezi. Wa kiyibodi uja analowa ndi chala chake chimodzi, ndipo anthu anakuwa ndi chimwemwe.

Ndinayembekeza kuti atukwana. Anangotembenuka, maso ali ofiira, lilime likadali lolemera.

"Mlongo, palibe ndi mmodzi yemwe amene wazindikira kuti sindine."

Ndinawakankhira mbale n'kuwauza kuti adye chakudya chisanazizire. Mpando wa pakhonde panga ndaukonza kale mwendo, ukuwadikira.