Dzino langa linatsala pa Thuchila

Ana a Sande sukulu akaona mpata uli m'kamwa mwangamu amati dzino linachoka ndi mzimbe. Ndimangowasiya. Linachoka ndi pemphero.

Nthawi imeneyo kuseri kwa phiri kunali nkhondo, ndipo kuno munthu wopanda khadi la chipani sankagula ngakhale mchere. Mpanda wanga unagundana ndi wa a Mukhova, Mlomwe amene anathawa mfuti ku Mozambiki n'kudzabisala kwa abale ake. Ine ndine Mmang'anja. Tinkabwerekana khasu ndi moto, ndipo mosazindikira tinayamba kubwerekananso mawu. Anandipatsa makaka, chinangwa chouma chija, pamodzi ndi dzina lake. Ine ndinkawawerengera Masalimo, iwo n'kumabwereza, mpaka Chichewa chawo chinaposa cha pa wailesi. Popemphera ankayamba ndi "Apwiya Muluku", ndiye kuti Ambuye Mulungu, ndipo mawuwo anandikomera. (Khasu ndinkabweza. Mawu sindinabweze.)

Tsiku lina kunabwera mkulu wa chipani kuchokera kulikulu, ndipo tcheyamani wathu anandiloza kuti nditsegule msonkhano ndi pemphero. Ndinatsinzina, mtima unatentha, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakufuula, "Apwiya Muluku, chitirani chifundo ana anu a mbali zonse za phiri ili!"

Palibe anati Ameni.

"Akuitana ndani ameneyu?" anafunsa mlendoyo.

Tcheyamani, amene mayi ake ankasinja akuimba Chilomwe, anayang'ana pansi. "Sindinamve, bwana. Zikhala za kutsidya."

Anyamata a chipani a malaya ofiira ananditengera kuseri kwa msika wa pa Thuchila.

"Madala, mwalowa liti m'dziko muno? Wakutumani ndani?"

"Ndinabadwira konkuno, ana anga. Mawuwo ndi obwereka."

"Kwa ndani?"

Ndinakumbukira Petro pa moto paja, amene malankhulidwe ake anamuulula. Kutchula dzina kunali kupereka a Mukhova. Sindinalitchule. (Musanditame. Lilime linali litauma ndi mantha, kulimba mtima kunalibe.) Khofi loyamba linandigwetsa, lachiwiri linatenga dzino. Anandikhazika padzuwa kudikira galimoto yokanditula ku malire.

Kenako ndinaona a Mukhova akubwera, atavala jekete imene anandibwereka Lamlungu, m'thumba mwake muli khadi langa. Anagwada pamaso pa mlendoyo.

"Zikomo akuluakulu. Munthuyu ndi mnansi wanga, mwana wa dziko lino, khadi lake ndi ili. Vuto lake ndi kutola. Chilichonse chogwa pa msika amaika m'kamwa. Paja kunalembedwa kuti lilime ndi moto."

Mlendoyo anatembenukira kwa anthu. "Mwamva? Chichewa ndi chimenechi. Bambo, mutengeni wanuyu mukamuphunzitse kulankhula."

Tinayenda mpaka kuwoloka mtsinje, ine ndikulavula magazi. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti iwo analibe khadi. Akanafunsidwa khadi lawo iwo, galimoto ija ikanatenga awiri.

"Alamu," anatero, "mawu anga aja mundibwezere. Simudziwa kuwasunga."

"Nanga anga mubweza?"

"Anu akugwira ntchito."

Ndinalonjeza, ndipo pagulu sindinawatchulenso. Koma a Mukhova anagona kalekale, ndipo ine ndikagwada ndekha, Muluku amafika pa lilime osaitanidwa, n'kutulukira pa mpata wa dzino lija.