Wotchi ya atsibweni

Lolemba, 9 Julayi 1956

Chitopa chasesa nkhuku zonse kuno kwa Mpingu. M'mawa kuli zii ngati kumanda.

Atsibweni anga saona, nthomba idawatseka maso ine ndisanabadwe. Ndiwo amaimba belu la kutchalitchi, chigudumu cha lole chopachika mumtengo. Zaka zonsezi amawadzutsa ndi tambala wawo. Tambala wafa, belu lachedwa kawiri.

Aphunzitsi akuti: "Likachedwanso pofika Lamulungu, belu lipita kwa Lazaro." Lazaro! Uja amayenda mkono uli m'mwamba ngati wathyoka, kuti tione wotchi yake ya ku Joni.

Atsibweni sakudya. Akungosisita chitsulo chawo chomenyera belu.

Ndawauza asade nkhawa. Adagwira ntchito m'sitolo ya mawotchi ku Halale ndani? Ine! Ndinkasesa, inde, koma maso ndinali nawo. M'sutikesi ndili ndi wotchi ya patebulo. Kulira idasiya, kuyenda imayenda.

Lachiwiri

Nzeru yoyamba: wotchi yoona ndi zala. Ndachotsa galasi, ndamata kaphula pa faifi. Akapapasa n'kupeza kamuvi kafika paphula, nthawi yakwana. Ngakhale mzungu wa ku Chitedze sangaganize zotere!

Koma zala za atsibweni ndi zoluka nkhokwe. Akati akhudze, kamuvi kayenda. Akhudzenso, kabwerera. Dzuwa lili pamutu, wotchi ikuti kukucha.

"Kodi mphwanga, nthawi ndi yofewa chonchi?"

Kamuvi kakatali katsalira m'manja mwawo.

Lachitatu

Ndapeza! Nthawi ikakwana, kachitsulo kopukusira kumbuyo kwa wotchi kamazungulirabe, belu lake lokha ndilo lidafa. Zofunika:
luzi lalitali
mpando
chala chachikulu cha kuphazi kwa atsibweni

Kachitsulo kakazungulira, kakulunge luzi, luzi likoke chala, adzuke. Ndayesa masana ndi supuni. Yakokeka! Mkazi wanga Nabanda akuti supuni sitembenuka kutulo. Nsanje basi.

Komatu likaduka luzi? Khoswe akalitafuna? Wotchi ikaima? Atsibweni andigwira dzanja, akuti, "Belu limenelo ndiye maso anga, mphwanga." Bwenzi asananene.

Lachinayi

Tulo sindinatione. Nthanda itangotuluka ndanyang'ama kukamvetsera pakhomo pawo. Chisanu, chifuwa, mame. Sindinamve kanthu, ndathawa.

Kenaka nge! nge! nge! Belu pa nthawi yake! Ndauza anthu a kudambo konse kuti posachedwa akhungu a dziko lonse adzafola pakhomo panga.

Kukaona: wotchi ili pansi, matumbo ali panja. Atembenuka kutulo n'kuikoka ndi phazi. Ndiye kuti idawadzutsa pogwa, eti? Ndatola tizitsulo tonse m'chipewa. Ndabwezera. Tatsala tisanu, ndipo sikugunda.

Nabanda: "Bambo a ku Halale, supuni ija ilipo ngati mukuifuna."

Lachisanu

Wotchi yachizungu ndi yaulesi. Dzulo madzulo ndidapanga yanga:
chitini chobowola ndi msomali, kudenga
chikho pamtengo wopendekeka
beseni pansi

Madzi adonthe, chikho chidzaze, chigwere m'beseni, phokoso! Ndayeza ndi maso, maso anga salakwa.

Mbandakucha ndapitanso kukamvetsera. Phokoso palibe. Belu lalira bwinobwino, koma atsibweni abwera bulangete lili lonyowa. Chikho chidaphonya beseni n'kuwakhuthukira anthu asanagone n'komwe. Mwezi wa Julayi!

Amayi andipeza pabwalo: "Iwe, ufuna kundiphera mlongo wanga? Chitopa chatha nkhuku, iwe wayamba anthu?"

Atsibweni akuyetsemula. Lazaro wadutsa kawiri, akupukuta wotchi ndi malaya.

Loweruka

Ndawakolezera moto, ndawafunditsa jekete langa la ku Halale. Makina ndawachotsa, amayi adaima pamenepo mpaka chitini chatsika. Kusanache ndidapitako, kukangomva ngati akupuma. Belu lalira. Lalira bwanji popanda wotchi? Sindikumvetsa, ndipo nthawi yoganiza ndilibe.

Wapansi mpaka ku Namitete kukasaka tambala. Ndafunsa m'midzi chikwi. Mayi wina wandiseka mpaka kukhala pansi, kenaka wandipatsa mwanapiye mmodzi wopulumuka. Ndabwera naye m'thumba la malaya. Ndamuuza kuti alire mawa. Wangoti piyo.

Aphunzitsi pondidutsa panjinga: "Mawa, a injiniya."

Mwayi sugwa kanayi. Mawa belu lichedwa, lipita kwa Lazaro, ndipo wapha ndine. Wotchi ndilibe, chitini ndilibe. Ndikawauza chiyani?

Lamulungu

Nthanda itatuluka ndapita kukaulula kuti ndalephera. Ndisanagogode:

"Lowa, wotchi yanga. Lero wachedwako pang'ono."

Akuti kuyambira Lachinayi amadzuka ndi ine. Mapazi anga pamasamba, chifuwa changa, ndi kudziyankhulira kwanga pakhomo, "Mayo ine, mayo ine." Akuti tambala sadafikepo pamenepo.

Ndawagwira mkono mpaka pamtengo. Amenya chigudumu mpaka a ku Njewa amva, ndikulumbira.

Potuluka m'tchalitchi auza aphunzitsi pamaso pa mpingo wonse: "Mphwanga wandipangira wotchi yabwino. Imayenda ndi miyendo, imatsokomola, siifuna kupukusa. Kungoti imadya kwambiri."

Anthu kugwa nacho chiseko. Aphunzitsi akuti belu likhala kwa atsibweni, bola wotchiyo isaime. Mkono wa Lazaro watsika. Atsibweni adya mbale ziwiri.

Ndiye ine tsiku lililonse nthanda, mame, chisanu, mpaka mwanapiye uja akule, ayambe kulira. Ndamuikira gaga wambiri kuti afulumire.

Nabanda wamunyamula, wamutembenuza, wamuyang'anitsitsa.

Akuti ndi msoti.