Masamba Panjira ya ku Mwezi wa Fumbi

Lolemba

Chigawo changa chatsegulidwa lero. Ndikuyang'anabe pa laputopu kuopa kuti mwina atsekanso.

Ndilembe bwinobwino, kuti ndikadzakalamba ndidzadziwe chimene chinkandisowetsa mtendere. Pali masewera a pa intaneti, a zombo zoyenda pakati pa nyenyezi. Anthu ambiri amasewera nthawi imodzi, aliyense ndi chombo chake. Opanga ake ndife anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, sitinaonanepo. Ena anakonza zombo, ena mizinga. Ine, wa digiri ya makompyuta amene ndinabwerera kuno ku Simlemba kudzathirira nazale ya fodya, ndapanga chigawo chatsopano choti anthu akayendemo. Ndachitcha Chidikha. Chandidyera chaka.

Mulibe nkhondo. Muli chipata, kenako danga lalikulu lopanda kanthu, kenako miyala yoyandama imene imaswa chombo cha munthu wothamanga. Kumapeto kwenikweni kuli kamwezi kofiira, Mwezi wa Fumbi. Ukatera pamenepo umamva mphepo. Mphepoyo ndinaijambula ndi foni m'chigafa chathu, fodya atapita kumsika. Palibe amene ndinamuuza.

Mkulu wa gulu lathu ndi mayi wa kunja amene ndimangodziwa chithunzi cha mphaka wawo. Mumtima ndimawatcha Mayi Mphaka. Alemba kuti pofika Lamulungu, munthu mmodzi, osati ine, akhale atafika ku mwezi uja. Akafika, Chidikha chilowa m'masewera a dziko lonse. Akapanda kufika, malowo apatsidwa kwa wina amene wapanga dziko la moto wokhawokha.

Munthu mmodzi basi!

Ondiyesera, omwe mafoni awo angathe:
– alamu anga a Mwale, a kabaza;
– a Nkhoma, mkulu wa mpingo, amene amatchajitsa mafoni pa sola;
– a Nyagondwe, aphunzitsi opuma, otsogolera amayi a mvano;
– ena angapo a kalabu yathu ya fodya.

Alamu akuti, "Mwezi? Ine ndimafika kwa Kapelula ndi thumba la feteleza kumbuyo. Mawa mukandipeza ndakhala kale pamenepo."

Mwina ndachipanga chophweka kwambiri.

Lachiwiri

Pakhomo pathu netiweki ikugwira pachulu pokha, kuseri kwa chigafa. Ndakwera ndi laputopu ndi kampando.

Onse alowa. Zombo zandanda pachipata, zokongola ndithu. Ndawalongosolera zinthu ziwiri. Mafuta: aliyense ali ndi ake, angathe kugawira mnzake. Nyali zobiriwira: ukayenda uziponya m'mbuyo, kuti obwera pambuyo aone njira.

Palibe akunyamuka.

Akupatsana moni. Masewerawa amalola kulankhulana pakamwa, ndiye a Nkhoma akuzungulira chombo ndi chombo. Kunyumba mwasiyako bwanji. Ana. Nazale. Kodi dzina latuluka pa makuponi. Anthu amenewa anali limodzi kudambo m'mawa womwewu!

Moni utatha, a Nkhoma apempha kuti ulendo wautali chotere tiuyambe ndi pemphero. Atchula nyenyezi, atchula mvula, atchula ine. Ndachita manyazi, komanso zandikhudza.

Atangoti ameni, wina wakumbutsa kuti dzuwa lapendeka, nazale ziuma. Onse atuluka. Atsanzikana kaye, mmodzimmodzi.

Mtunda woyendedwa lero: kuchokera pachipata kufika pachipata.

Si ine ndinaika zoti anthu azilankhulana. Komabe ndikumva ngati kulakwa ndi kwanga.

Lachitatu

Anyamuka! Alamu patsogolo, liwiro lake la pakabaza lija. Ndikuwauza kuti achepetse, kutsogolo kuli miyala. Akuti, "Alamu, miyala ndaiona ya kwa Chisemphere."

Phuu. Chombo chasweka.

M'masewerawa imeneyi si nkhani. Zidutswa zimatsala pamalopo, iwe umadina batani, umapezeka pachipata ndi chombo china. Alamu akuseka mpaka kutsokomola: "Ndafa ine! Mukauze akazi anga!"

Ndinayembekeza kuti enawo aseka n'kupitirira. Koma a Nyagondwe ati, motsitsa mawu, "Phepani, phepani." Ndipo a Nkhoma: "Zombo ziime. Sitidutsa pamaliro ngati lole ya fodya."

Sindikudziwa kuti nthabwala yathera pati, mwambo wayambira pati. Ndikuganiza kuti eni akenso sakudziwa. Zimene zachitika:
– zombo zazungulira zidutswa zija, za amayi mbali imodzi, za abambo mbali ina;
– nyali zanga zobiriwira azindandalika chopingasa njira, uku ndi uku, ngati masamba amene timaika pamsewu pakakhala maliro;
– aliyense waponya mafuta pang'ono, chipepeso;
– a Nyagondwe ayambitsa nyimbo. Netiweki ikuchedwetsa besi, ikufika anzake atamaliza mzere.

Alamu abwera ndi chombo chatsopano kudzakhuza maliro awo omwe. Atolera mafuta onse. Akudandaula kuti anthu achepa.

Ndayesa kunena, mwaulemu, kuti womwalirayo ali pompano, tipitirize ulendo. A Nkhoma akuti, "A Yunivesite, khalani chete. Awa ndi alamu anu. Inu ndinu anamfedwa."

Ndamvera. Anamfedwa salongosola malamulo a masewera.

Lachinayi

Mayi Mphaka aona mapu. Akufunsa chifukwa chake nyali zobiriwira zaunjikana pamalo amodzi, zombo osasuntha. Kodi china chawonongeka? Ndayankha kuti ndikufufuza. Si bodza kwenikweni.

Anditumizira woyesa wawo, munthu wa kunja wodziwa kuyendetsa. Mtima wanga wakhala m'malo. Nayenso ndi munthu mmodzi, ndipo si ine.

Lero maliro ndi a msungichuma wa kalabu. Wagunda mwala womwe uja. Anthu akhala kale, masamba aikidwa kale. Mlendo watulukira pachipata, sanapereke moni, wadutsa pakati pa masamba ngati kamvuluvulu. Alamu amutcha dzina pomwepo: Chimphepo.

A Nyagondwe, Chitumbuka chawatulukira: "Mwana wa njani uyo?"

A Nkhoma: "Muitaneni abwerere. Mumuuze m'Chingerezi."

Apa ndipo pandivuta. Chimphepo wazemba kale miyala yoyamba. Ndikanangonena kuti netiweki yadula. Chala chinali kale pa batani lozimitsira netiweki. Koma a Nkhoma anayendetsa mwambo wa maliro a bambo anga, ndipo sindinawanamizepo.

Ndamuitana. Wabwerera. Wafunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Ndamufotokozera za masamba, za kutsika njinga pamaliro, za chipepeso, zoti kwathu salima tsiku limene mtembo wa mnzako wagona m'nyumba.

Kenako walemba kuti wasewera zaka zambiri, chombo chake chasweka kosawerengeka, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe anaimapo. Waponya mafuta ake onse. Waimika chombo kumbali ya abambo.

Ndafotokoza bwino kwambiri. Ku koleji ankanena kuti sinditha kufotokoza zinthu.

Lachisanu

Tsiku logula feteleza wa makuponi. Tonse tili pamzere kumsika, dzuwa lili pamutu, lole sinafike. Koma netiweki pano ndi ya mphamvu, ndipo anthu alibe kopita tsiku lonse. Ndinadzuka ndikuti lero ndi lero.

Anthu a pamzere aona, akubwereka mafoni kuti alaweko. Onse sadziwa kukhota. Pofika masana maliro achuluka moti a Nkhoma akugawa anthu: ena apite kwa uyu, ena kwa uyo. Njira yonse yabiriwira.

Chimphepo wabwera ndi anzake. Aphunzira kulemba "pepani". Mmodzi wa iwo akugunda mwala dala, akutolera chipepeso, akugundanso. Alamu amutulukira msanga: "Uyu ndi mtundu wa aja olembetsa akufa pa makuponi." Pakhazikitsidwa komiti yoona ngati imfa ili yeniyeni. Andisankha kukhala mlembi. Sindinakane msanga.

Mayi wina pamzere wandifunsa kuti kumapeto kwa ulendowu kuli chiyani. Ndati kuli mwezi, ndi mphepo. Akuti, "Mphepo? Ya kuno yatha?"

Lole yafika, koma feteleza watha tisanafike pakhomo. Akuti tibwerenso Lolemba.

Ndafika kunyumba, ndakwera pachulu, ndachotsa miyala pafupifupi yonse. Miyala imene ndinaiika umodziumodzi dzinja lonse lapitali. Ndasiya umodzi wokha, wooneka ngati chulu chino, chifukwa ndimaukonda. Popanda miyala palibe imfa. Popanda imfa palibe masamba. Nzeru imeneyi ndikanaipeza Lachitatu.

Loweruka

Ndapita kwa alamu m'mamawa, akupopa tayala. Ndawapempha, osaseka, kuti lero akafike ku mwezi. Asiya kupopa. "Ndiye n'zofunikadi eti? Bwanji osanena?" Ndimaganiza kuti ndinanena.

Anyamuka ndi mafuta odzaza, a chipepeso aja. A Nyagondwe akuti munthu wa ulendo wautali satuluka yekha pakhomo, timuperekeze. Onse atsatira. Ndipo akuyenda! Adutsa pamene panali maliro oyamba. Adutsa mwala wanga. Alowa m'dera limene sanalowemo munthu chilipangireni. Ndaimirira pachulu, kampando kagwa.

Ena akutsanzika, akubwerera. Atsala awiri, alamu ndi a Nyagondwe. Alamu akuti, "Alamu, ndikuona kanthu kofiira. Ngati phwetekere."

Ndi womwewo! Ndi mwezi wanga!

A Nyagondwe: "Basi mwana wanga, ine ndilekeze pano. Muyende makola." Atembenuka. Chombo chawo chayenda pang'ono, chaima. Mafuta atha. Sabata yonse akhala akupereka chipepeso chochuluka kuposa aliyense.

Ndanena kuti palibe vuto, angodina batani, apezeka pachipata. Ndanena kawiri. Mawu anga anali ang'ono.

Alamu: "Ndiwasiye amayi pathengo? Anandiphunzitsa sitandade wani awa."

Awagawira mafuta. Awaperekeza mpaka pachipata. Atafika, a Nyagondwe akuti sangawalole kubwerera okha atawachitira zotere, awaperekezeko pang'ono. Zikanapitirira, koma foni ya alamu yalira, kasitomala ali ndi mbuzi yopita kumsika.

Phwetekere. Chaka chathunthu, ndipo munthu yekhayo amene wauona akuti phwetekere. Kunena zoona, umaonekadi choncho.

Lamulungu

Ku tchalitchi a Nkhoma andigwira dzanja ndi manja awiri. Akuti masewera anga alimbikitsa umodzi mu mpingo.

Uthenga wa Mayi Mphaka ndaupeza nditaweruka. Ndi waulemu. Palibe wafika, ndiye asankha dziko la moto. Chidikha achitseka dzuwa likalowa. Pansi pake awonjezera funso: anthu m'zigawo zina ayamba kuponya nyali zobiriwira pa zombo zosweka n'kumaima, nkhondo zikuchedwa kuyamba, kodi ndikudziwapo kanthu? Ndayankha kuti ndikufufuza.

Ndathirira nazale. Mitambo ikusonkhana chakumpoto, koma yakhala ikutero sabata yonse.

Ndakwera pachulu kuti ndipite ndekha, ndikamve mphepo yanga kotsiriza. Sindinauze munthu. Pachipata palibe aliyense. Ndikuyenda pang'onopang'ono pakati pa masamba a sabata yonse, ndikuganiza ngati ndikanayenera kuika mwezi pafupi, ngati ndikanayenera kunama Lachinayi, ngati digiri ija inali ya munthu wina. Maso anali pa maganizo.

Phuu. Mwala umodzi womwe uja.

Ndaseka ndekha. Ndisanadine batani, chombo chatulukira pachipata. A Nyagondwe. Kenako a Nkhoma. Alamu. Msungichuma. Chimphepo ndi anzake, ngakhale wakuba chipepeso uja. Sindikudziwa wawauza ndani. Amayi uku, abambo uku. Nyali zobiriwira zikugwa chopingasa njira.

Alamu akuti, "Anali munthu wofatsa. Sitinkamumvetsa, koma anali wofatsa."

A Nkhoma awakonza: "Inu ndinu anamfedwa, khalani chete."

Nyimbo yayamba. Besi ikuchedwa monga mwa masiku onse. Kumbuyo kwanga mphepo ikuwomba m'chigafa, yomwe ija, yosajambula.

Dzuwa latsala pang'ono. Nditadina batani tsopano n'kuthamanga, mwina ndingafike. Koma nyimboyi ndi yaitali, ndipo si ulemu kuti womwalira adzuke anthu asanamalize kuimba.

Mawa feteleza.