Che Laisi ndi Ngongole Yawo ya Halali

Inu, mukadzafika pa Ntaja mudzafunse za Che Laisi, ogulitsa zitenje moyang'anizana ndi siteji ya minibasi. Aliyense adzakuuzani kuti ndi munthu wochenjera pa ndalama, chifukwa eni akewo anayenda kale msika wonse kuuza anthu zimenezo.

Che Laisi anali ndi khadi ya ku banki, ija yoti umagula zinthu ndi ndalama zomwe ulibe. Anaitenga chaka chomwe ankakwatitsa mwana wawo Shamim, ndipo inagwira ntchito yake mokhulupirika: matenti, mpunga matumba asanu, ng'ombe, ndi suti yomwe inawaphika tsiku lonse. Alendo atabalalika panatsala ngongole ya mamiliyoni awiri, ndi chiwongoladzanja chokwera mwezi ndi mwezi. Chinkawapweteka m'thumba, chinkawapwetekanso ku mzikiti, kumene ashehe akangotchula za riba, tchimo la chiwongoladzanja lija, Che Laisi ankayamba kuonetsetsa zala za kumapazi kwawo.

Ndiye kunabwera anthu a banki ina ya ku Balaka, atamanga mataye pa dzuwa la Okotobala. Anati: bweretsani ngongole yanuyo kwa ife, banki yakaleyo tiilipira ndife, inu muzitibwezera kwa miyezi khumi ndi iwiri popanda chiwongoladzanja ngakhale tambala. Chachikulu, K170,000 izifika mwezi uliwonse pasanadutse pa 25.

Pepala la mgwirizano linali la masamba khumi ndi limodzi. Che Laisi anatembenuza onse, akunyowetsa chala ndi kugwedeza mutu ngati loya. Magalasi anali atawasiya kunyumba, poti amati amawakalambitsa. Anasaina.

Kuyambira tsiku limenelo ku tiyirumu kunalibe mtendere.

"Yanga ngongole ndi ya halali, yopanda tchimo," ankatero, akuviika sikono. "Anthu a banki amafuna munthu wodziwa kulankhula nawo. Inu mukapita kumeneko mumagwada, n'chifukwa chake amakumetani."

Kwa miyezi isanu ndi iwiri zonse zinayenda bwino, pa chifukwa chimodzi: ankalipira ndi akazi awo, a Lukiya. Ankapita kwa ejenti, kuika ndalama mu foni, kutumiza, n'kubwerera kukaphika. Mwezi wachisanu ndi chitatu Che Laisi anasuzumira mu foni muja, n'kupeza kuti ulendo uliwonse pamadulidwa K1,500.

"Mayi a Shamim, kodi ndalama iyi ikupita kuti?"

"Ndi yotumizira."

"Yotumizira? Ndani akunyamula? Pali munthu amene akukwera basi ndi ndalamayi?"

"Bambo a Shamim, zisiyeni. Zikuyenda."

"Iyayi. Mwezi uno ndikapereka ndekha, pamanja. Ine sindidyeredwa masana."

A Lukiya anawapempha kuti apiteko msanga, mwina pa 22. Che Laisi anati kulipira tsiku lisanakwane ndi kuwazoloweza anthu a banki. Za minibasi anakananso, chifukwa alamu awo a Willard ankapita ku Balaka pa 25 pomwepo ndi lole ya nandolo, ndipo mlamu salipiritsa mlamu.

N'zoona, a Willard sanawalipiritse. Anangoima pa Nsanama maola awiri kudikira matumba omwe eni ake anali asanamalize kusoka. Atafika pa Liwonde, lole inatsokomola kawiri n'kukhala chete.

"Alamu, dizilo watha," anatero a Willard, mosadandaula n'komwe. "Tandibwerekaniko K20,000, ndikubwezerani nandolo akagulidwa."

Che Laisi anapereka, atatembenukira kumbali kuti alamu asaone kumene akutulutsa. Anakankhanso lole mpaka pothira mafuta, atavala jalabiya, mkanjo wawo woyera wa pa ulendo. Atangodutsa mphambano ya ku Mangochi, tayala la kumbuyo linaphulika, ndipo tayala lapadera linapezeka kuti a Willard analibwereketsa kwa mnzawo mwezi watha. Nthawi inali itadutsa 2 koloko. Che Laisi anaimitsa njinga yamoto, nanenerera mtengo kwa mphindi makumi awiri zathunthu mpaka wanjingayo anatsitsa kuchoka pa K7,000 kufika pa K6,500. Anakwera monyadira.

Pa banki anafika 3 koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Mlonda anali atangotseka chitseko.

"Achimwene, tsegulani. Ndabwera kudzakupatsani ndalama, osati kudzapempha."

"Tatseka, bambo. Koma ngati n'za khadi, ejenti ali apo pansi pa mtengopo. Mukatumiza pa foni lero lomwe, ziwerengedwa kuti mwalipira pa nthawi yake."

Tamverani apa, chifukwa mlondayu anawapatsa nzeru yaulere, chinthu chokhacho chaulere chomwe anakumana nacho tsiku limenelo. Che Laisi anayang'ana ejenti uja. Anayang'ana jalabiya yawo yodzaza girisi. Anaganiza za nkhope ya a Lukiya atamva kuti mwamuna wawo wayenda ulendo wonsewu kukatumiza pa foni.

"Tsiku limodzi silinaphepo munthu," anatero. Anakagona ku resitihausi ya K12,000, yokhala ndi udzudzu wosalipiritsa.

M'mawa anali woyamba pa mzere. Pa kauntala panali mayi wina waulemu, dzina lake Ethel lili pachifuwa. Anawerenga ndalama, anadinda pepala, kenako anayang'ana pa kompyuta nthawi yaitali ndithu.

"Bambo Laisi, mwachedwa ndi tsiku limodzi."

"Ndikudziwa. Ndinali pakhomo panupa dzulo, funsani mlonda."

"Kompyutayi mlonda siimudziwa, bambo. Ndiye pali chindapusa cha K25,000."

Che Laisi anapisa dzanja m'thumba. "Chabwino, zachitika."

"Sindinamalize. Mukachedwa ngakhale kamodzi, mwayi wopanda chiwongoladzanja uja umathera pomwepo. Ndipo chiwongoladzanjacho timachiwerenga kuyambira tsiku lomwe munasamutsira ngongoleyi kuno."

"Kuyambira lero, mukutanthauza."

"Iyayi, kuyambira Okotobala. Zili pa tsamba lachisanu ndi chinayi. Munasaina m'munsi mwake."

Anawatembenuzira kompyuta. Ngongole yomwe dzulo lake inali itatsika kufika pa K800,000 ndi kanthu inali itabwerera kupitirira miliyoni imodzi. Chiwongoladzanja chake chinali chokwera kuposa cha banki yakale ija yomwe ankaitukwana ku tiyirumu.

"Achemwali, ine ndi Msilamu. Riba kwathu ndi haramu."

"Ndikumvetsa, bambo. Miyezi isanu ndi iwiri yonseyi mumalipira bwino kwambiri. Amakuthandizani ndani?"

Funso limenelo Che Laisi sanalimve. Anapempha kuonana ndi manijala. Manijalayo anali munthu wabwino zedi. Anawakhazika pa mpando wofewa, anawafunsa za mvula ya ku Kawinga ndi mtengo wa zitenje za ku Nayuchi, anawamvera chisoni kwambiri, ndipo sanachotse ngakhale kwacha imodzi. Chomwe anawachitira n'kuwatalikitsira nthawi yobwezera ndi zaka ziwiri. Che Laisi anasainanso, ulendo uno atapempha Ethel kuti awawerengere mokweza.

Pobwerera anakwera minibasi, osanenerera. Pa Liwonde anaona lole ya a Willard itaimanso pambali pa msewu, ndipo anawerama ngati akumanga nsapato, ngakhale anali atavala patapata.

Anafika pa Ntaja masana, n'kupeza a Lukiya akupeta mpunga pakhonde. Mayiwo anayang'ana jalabiya, anayang'ana pepala lomwe linkasuzumira m'thumba. Kuyang'ana kumeneko ndi kumene kunawalankhulitsa Che Laisi.

"Zayenda bwino," anatero, akukhala pansi pang'onopang'ono. "Anthu aja andikonda kwambiri. Manijala weniweni anandiitanira mu ofesi mwake. Akuti sakufuna tisiyane msanga, tikhala limodzi zaka zina ziwiri."

A Lukiya anatola kamwala mu mpunga n'kukataya pabwalo.

"Ndiye mwakwatira wachiwiri osandiuza," anatero. "Palibe kanthu, n'zololedwa. Koma mukamuuze mkazi wanu wa ku Balakayo kuti wamkulu pano ndine. Azidya ine nditadya."