Masewero atatu m'mutu mwa a Ormerod

Malemu Cuthbert Ormerod sankaiwala mawu. Amene amanena zimenezo ndi abodza, abwere ndidzawatsutse pamaso. Chimene mkulu ameneyu ankaiwala n'chakuti lero tikuchita sewero liti.

Ndikudziwa chifukwa ine, Hilda Pickersgill, ndinatha zaka makumi awiri ndi zinayi kuseri kwa katani m'nyumba ya zisudzo kwathu ku Morecambe, buku lili pamiyendo. Ntchito yanga inali kunong'oneza wosewera akasowa mawu. Masiku amenewo sewero linkasintha sabata iliyonse. Madzulo mukuonetsa la sabata ino, m'mawa mukuyeserera la sabata yamawa, masana mukuloweza la sabata inayo. A Ormerod ankaloweza masewero onse atatu bwinobwino, kenaka n'kuwathira mumphika umodzi.

Tsiku langa loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Mtsikana iwe, ndikasokera uzindibweza. Ndigwe, buluku livuke, zonsezo n'zazing'ono. Koma usadzandisiye ndili kakasi pamaso pa anthu, kukamwa kuli yasa. Wamva?"

"Ndamva, a Ormerod."

"Lumbira."

Ndinalumbira, ndikuyesa zocheza.

Lachitatu la sabata yomweyo iwo anali m'busa womanga ukwati. Mkwati ndi mkwatibwi agwada. A Ormerod anakweza manja, n'kunena ndi mawu awo aja ofika mpaka mpando womaliza: "Mmodzi mwa inu awiri ndiye wapha mwini nyumba ino."

Amenewo anali mawu a wapolisi wa m'sewero la sabata yamawa. Mkwatibwi anayang'ana mkwati, mkwati anayang'ana ine.

"Ukwati," ndinanong'oneza. "Ndinu abusa."

"Choncho," anapitiriza osaphethira, "kuyambira lero ndinu banja."

Anthu anawomba m'manja, ena ali cheucheu kufunsana. Potuluka, agogo ena anandigwira chovala kuti nanga wapha munthuyo ndani, poti sewero latha osamutchula. Ndinawauza kuti abwerenso sabata yamawa, ndipo anabweradi.

A Ormerod potsika pansanja anangoti, "Wachedwa, Hilda." Mawu amenewa ndinawamva zaka zonsezo, ngakhale tsiku loti ndawawombola asanapume n'komwe. Kunena zikomo ndiye ayi ndithu, kunkaoneka ngati kumawapweteka pakhosi.

Atayamba kuitanidwa ku London kukachita za pa wailesi ya kanema, anakana kupita okha. Kumeneko kulibe wonong'oneza, ndiye ankandibisa pansi pa tebulo, mayi wamkulu ngati ine, mawondo ali kuchibwano. Sabata ina anali dokotala Lolemba, Lachinayi woweruza milandu. Lolembalo anagwira dzanja la wodwala, kumupima pamtima, n'kumuuza mwachifundo kuti akakhale kundende zaka khumi ndi ziwiri.

Wotsogolera sewerolo anagwira mutu. "Nanga tebulo ili bwanji silinalankhule?"

"Pepani bwana, tebulo lafa ndi phwete," ndinayankha ndili pansi pomwepo.

Atakalamba, masewero onse anasakanikirana kotheratu, ndipo anakakhala kunyumba yosamalira okalamba. Iwo ankagwadira anamwino ngati mafumukazi, wophika ankamuopseza kuti amumanga. Ine ndinkapita Lamlungu lililonse ndi masikono. Masiku ena ankandizindikira, masiku ena ankandifunsa ngati mahatchi amwa madzi. Ndinkangoti amwa.

Mwana wawo anali mmodzi yekha, Philippa, ndipo ankakhala ku Canada. Awiriwa anali asanaonane zaka zambirimbiri. Mtsikanayu anakula bambo ake ali pansanja, akukumbatira ana a m'masewero, ndipo zinamukhala kumtima. Atamva kuti zinthu zafika povuta, anabwera, ine ndili pomwepo. Anaima kumiyendo kwa bedi, chikhoto chikadali m'manja.

"Ababa?"

A Ormerod anamuyang'ana. Kukamwa kunatseguka, mawu osatuluka. Maso anayamba kufunafuna chakumanzere, mbali imene wonong'oneza amakhala. Sindibisa, ndinachita mantha, chifukwa ndinaona Philippa akuyamba kuvalanso chikhoto chija. Ndinasendera kuseri kwa katani ya pabedi.

"Philippa," ndinanong'oneza. "Mwana wanu. Ndinu bambo ake."

Anadzutsa mutu papilo, n'kutambasula manja.

"Philippa, mwana wanga. Wabwera? Ndinkaopa kuti sudzandikhululukira."

Masewero awo onse ndimawadziwa pamtima, ndinawawerenga mpaka mabuku kuthothoka. Mawu omalizawo mulibe m'sewero lililonse, ndipo ine sindinawanong'oneze.

Philippa anaponya chikhoto pansi n'kuwakumbatira, akulira. Iwo anasuzumira pamwamba pa phewa lake, maso ali pakatani paja.

"Wachedwa, Hilda."

Anamwalira Lachisanu la sabata yomweyo.

Nyumba ya zisudzo ija ilipobe, anaipaka penti watsopano. Osewera a masiku ano ndi ana abwino, sasokera. M'busa amamanga ukwati, wapolisi amagwira wakupha, aliyense amabwerera kwawo atamvetsa zonse, ndipo mpando wa wonong'oneza anauchotsa kalekale. Ine ndimapitabe. Ndimakhala chakumbali, milomo ikuyenda yokha, kudikira kuti mwina wina asokere. Katani imatsika popanda aliyense wondiuza kuti ndachedwa, ndipo kunena zoona ndimawasowa mawu amenewo.