Zithunzi za Mbande ndi Tabuleti ya Abwana

Lolemba
A Nyirenda, katswiri wathu wa makompyuta, apita kumaliro ku Rumphi. Pasiwedi asiyira ine kalaliki. Potuluka ati: "Malamulo a pulogalamu yotumizirana zinthu ali patatu: a onse, a gulu, a tabuleti imodzi. Lapansi limagonjetsa lapamwamba. Musakhudze." Koma abwana akufuna zithunzi za mbande za mitengo zichoke m'matabuleti a kunazale zifike kuofesi, alendo akubwera sabata yamawa. Ndakhudza. Pa lamulo la onse ndatsegula zotumiza zithunzi.

Lachiwiri
Za kunazale ya ku Malosa zafika. Za ku Mulunguzi, zii! Kani gulu lawo lili ndi lamulo lakelake lokana. Ndalifufuta.

Lachitatu
Mayo ine! Lamulo lija limatchinganso zithunzi za eni ake. Zafika:
- mbuzi
- chilonda cha pamwendo, mwini wake sindikumudziwa
- a Makwinja, oyang'anira nazale, ali mtulo pansi pa mkungudza, kukamwa yasa.
Ndathamangira kutseka pa lamulo la onse.

Lachinayi
Matabuleti onse amvera, kupatula ya abwana. Nayo ili ndi lamulo lakelake, loti izitumizira aliyense. Ndikatseka pamwamba, iyo sikumva. Antchito onse a kunazale aona abwana akuvina pachinkhoswe, shati ili m'manja, mimba pamtunda. A Makwinja aimba foni: "Achimwene, awa ndi abwana athu omwewa?" Ndati netiweki ikuvuta, ndadula.

Lachisanu
Abwana adutsa osayankha moni. Akudziwa? Ndafufuta zithunzi zonse pakompyuta ya muofesi kuti ndiyambirenso. Pulogalamu, kukhulupirika kwakeko, yafufutanso m'matabuleti monse. Za mbande nazo zapita! Foni ya a Nyirenda ndi yozima.

Loweruka
Ndakwera phiri ndekha kukajambula mbande kunazale. Chifunga chake! Dzanja langa lomwe sindikuliona. Ndikungomva anyani, ena kutsogolo, ena kumbuyo. Ndajambula chothamanga. Zithunzi zonse mbee ngati ufa. Chimodzi chokha ndicho chikuoneka bwino, cha chala changa.

Lamulungu
Kutchalitchi abwana akhala kutsogolo kwanga. Ulaliki sindinaumve, ndimangoyang'ana khosi lawo. Potuluka angoti, "Mawa mundipeze m'mamawa." Sanamwetulire.
Alamu akuti pabenchi yawo ya tomato ku Chikanda malo alipo. Masana onse ndakhala ndikuphunzira kuunjika. Mulu wanga ukugwabe, koma ndizolowera.