Magazi Anu Akanidwa M'thupi Mwanga

Kwa Bwana Mkulu wa Nkhokwe ya Magazi,

Bwana, ndagwada. Ndine mayi woluka tsitsi uja amene alonda a pachipatala chanu amamulonjera ngati wantchito mnzawo. Ndinabadwa ndi matenda a magazi otchedwa sikoselo, ndipo chiyambire ndili ndi zaka zisanu mwakhala mukundiika magazi a anthu achifundo. Amuna anga akandilakwira amasowa womupepesa, akuti m'thupi muno tilimo ambiri.

Choyamba, zikomo chifukwa chosataya nthawi poyeza. Mukangoona kuti gulu langa ndi O, botolo ndi O, basi pakamwa pa mtsempha. Adokotala anandifotokozera kuti magazi achilendo akamalowa kawirikawiri, asilikali a m'thupi amaloweza nkhope za alendowo n'kuyamba kuwathira nkhondo, ngakhale akhale a gulu limodzi. Mwezi wathawu asilikali anga anaithiradi nkhondoyo. Patatha sabata chindiikireni botolo, msana unachita ngati wathyoka, maso anachita chikasu, mkodzo bii ngati tiyi wopanda mkaka. Magazi anatsika kuposa mmene ndinabwerera. Mkwatibwi amene ndinkamuluka anakalowa m'tchalitchi mutu uli theka, mbali inayo atabisa ndi maluwa.

Chachiwiri, ndikuyamika ofesi yanu posasunga mangawa. Fayilo yanga, mmene munalembedwa magazi amene thupi langa limakana, yasowa kanayi. Ulendo uliwonse ndimabadwanso mwatsopano, akalaliki n'kundifunsa ngati n'koyamba kuikidwa magazi. Asilikali anga, osaphunzirawo, saiwala ndi mlendo mmodzi yemwe.

Chachitatu ndi makina oyezera magazi mozama amene munadulira riboni chaka chatha. Mwawasamala, Bwana! Akadali m'pulasitiki, fumbi silinawakhudze, ndipo bambo wa mu labu amaikapo ketulo. Akuti mankhwala ake ali m'njira. Njirayo iyenera kuti ndi yaitali, poti mimba imene mlamu wanga anali nayo tsiku la riboni lija pano ikukwawa.

Pempho langa ndi laling'ono. Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anatengera matendawa, ndipo Lachiwiri aikidwa botolo lake loyamba. Wandifunsa ngati naye adzadwale ngati ine. Mukapeza kampata pakati pa misonkhano, bwerani ku wodi ya ana, bedi la pafupi ndi zenera, mudzamuyankhe nokha. Ine ndikanama amandizindikira.

Ine wanu wogwada pamzere,
Mayi woluka tsitsi